Musanagule kamakina kolira: mmene timafufuzira yureniyamu

Kufufuza yureniyamu kumayamba ndi pepala la boma ndi mapu. Makina amabwera pambuyo, ndipo chobowolera pansi chimabwera kumapeto kwenikweni. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa anthu akwathu akangomva kuti ndimagwira ntchito ndi akatswiri a miyala kuno ku Johannesburg, funso limakhala lomwelo: "Achimwene, kamakina kolira kaja kamagulitsidwa kuti?" Wina wamva kuti kuphiri kwa amalume ake ku Rumphi kuli miyala yachikasu. Wina wauzidwa ndi mnzake wa kutchalitchi kuti asonkhe ndalama, alowe nawo pa claim ina, malo amene munthu akuti ndi ake okumbapo miyala, ku Northern Cape, chaka chamawa adzakhala akuyendera galimoto yakeyake. Ine si mwini kampani, ndipo malipoti sindisayina. Yanga ndi ya kutchire: kunyamula spectrometer, makina oyeza cheza cha m'miyala, kuyenda m'mizere, kulemba manambala pamatumba, kusanja mabokosi a miyala yotuluka pansi. Koma ndi ntchito yomweyi imene imakuonetsa kumene ndalama za anthu zimathera.

Pepala kaye

Za claim izi anthu amazionera pa YouTube, ndipo zambiri ndi za ku America. Kumeneko lamulo la 1872 limalola nzika kukhoma zikhomo pamalo ena a boma n'kukalembetsa, ndipo claim imodzi yotsata mtsempha wa miyala siposa mafiti 1,500 mulitali ndi 600 mulifupi. Kuno nako zinkachitika choncho golide atapezeka ku Langlaagte mu 1886. Zinatha zimenezo. Lamulo la Mineral and Petroleum Resources Development Act la 2002, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 May 2004, linaika miyala yonse ya pansi pa nthaka m'manja mwa boma. Mwini famu ali ndi udzu wake ndi nkhosa zake, zapansi si zake.

Chofunika kukhala nacho ndi prospecting right, chilolezo chofufuzira miyala. Amachipereka kwa zaka zosaposa 5, ndipo mukhoza kuwonjezera kamodzi kokha, zaka zosaposa 3. Mumapempha ku dipatimenti ya za migodi, imene ofesi yake yoona za Gauteng ili ku Braamfontein. Amafuna mapu a malowo, ndondomeko ya ntchito chaka ndi chaka, umboni woti ndalama ndi akatswiri muli nazo, chilolezo cha zachilengedwe, umboni woti mwakambirana ndi mwini malo komanso anthu okhala pafupi, ndi ndalama yosungitsa yodzakonzera malowo mukadzachoka. Pa yureniyamu pali chipata chinanso. National Nuclear Regulator ya ku Centurion ndiyo imayang'anira aliyense wogwira miyala yotulutsa cheza, ndipo Nuclear Energy Act ya 1999 salola kusunga, kunyamula kapena kugulitsa yureniyamu popanda chilolezo cha nduna.

Tsono munthu akakuitanani kuti musonkhe pa claim yake, mpempheni mwaulemu: "Bambo, tiloleni tione pepalalo." Papepala loona pamakhala nambala ya chilolezo, dzina la kampani, dzina la famu ndi chigawo chake, tsiku lothera, ndi mndandanda wa miyala yololedwa. Mndandandawo uwerengeni ndi chala. Chilolezo cha golide kapena diamondi sichikhudza yureniyamu ngati sanalembedwepo. Dziwaninso kuti chilolezochi sichigulitsidwa pamanja, kuchipereka kwa munthu wina kumafuna nduna ivomereze molemba. Akayamba kuzemba, akuti pepala lili kwa loya, lili kwa mzungu wina ku Sandton, bwezani chikwama m'thumba.

Kwathunso n'chimodzimodzi. Anyakwawa akhoza kukupatsani munda, koma za pansi pa mundawo alibe nazo mphamvu. Laisensi imachokera ku boma motsatira Mines and Minerals Act ya 2023, ndipo za cheza amaona ndi a Atomic Energy Regulatory Authority.

Kumene ena anapondapo kale

Malo ambiri amene mukuwaganizira, wina anafikako inu musanabadwe. M'ma 1970 makampani ngati Union Carbide ndi Esso anabowola mabowo ambirimbiri cha ku Beaufort West. Kayelekera, ku Karonga, anamutulukira ndi a Central Electricity Generating Board a ku Britain kumayambiriro kwa ma 1980, kampani ya Paladin, imene inadzatsegula mgodiwo, isanamveke n'komwe. Zolemba zakale zoterezi ndi zotchipa kuposa bowo limodzi latsopano. Council for Geoscience ku Silverton, ku Pretoria, ili ndi mapu a miyala ndi malipoti akale, ndipo ku Donkerhoek amasunga miyala yeniyeniyo imene inatuluka m'mabowo akale. Kwathu pitani ku Geological Survey Department ku Zomba. Mukukumbukira ndege ya Kauniuni imene inkauluka motsika mu 2013 ndi 2014, anthu m'midzi n'kumaidabwa? Mwa zina inkayeza cheza cha potaziyamu, thorium ndi yureniyamu, ndipo zotsatira zake zinatulutsidwa mu 2015. Musanakwere phiri la amalume, onani kaye zimene ndegeyo inaona pamenepo.

Pamapupo mukuyang'ana mtundu wa mwala. Yureniyamu ali paliponse pang'onopang'ono, magalamu 2 kapena 3 pa tani ya mwala wamba, zimene timalemba kuti 2 kapena 3 ppm. Funso ndi loti waunjikana pati.

Pansi pa Johannesburg pomwe pano alimo, m'mwala wa timiyala tobulungira ta nsangalabwi umene agogo athu a Wenela ndi Theba ankaphwanya pofuna golide. Fakitale yoyamba yomuyenga kuno inatsegulidwa ku West Rand Consolidated, ku Krugersdorp, mu 1952. Koma ameneyu amatuluka ngati chotsalira cha golide, m'migodi yozama makilomita, ndipo munthu wamba alibe polowera. Ku Namibia kuli wa mu granite, ku Rössing, kumene anayamba kukumba mu 1976, ndi wa m'zigwa zouma ngati ku Langer Heinrich. Amene ife tingamvetse msanga ndi wa m'mwala wamchenga, chifukwa ndiye wa ku Kayelekera. Miyala ya kumeneko ndi ya fuko limodzi ndi ya ku Beaufort West, yonse imatchedwa Karoo, ndipo imapezekanso cha ku Livingstonia ndi ku Chigwa cha Shire.

Yureniyamu ali ndi khalidwe limodzi loti mukalimvetsa, theka la ntchito mwaligwira. Madzi okhala ndi okosijeni amamusungunula n'kuyenda naye, ndipo akafika pamene okosijeni wathera amamusiya. Mvula ikamagwa pamapiri a granite imamukokolola pang'onopang'ono, madziwo n'kulowa m'mwala wamchenga umene kalekale unali mtsinje. Amayenda pansipo mpaka atakumana ndi zotsalira za mitengo yakale, timizere ta malasha, kapena pyrite, mwala wonyezimira uja umene wapusitsa anthu ambiri kuti ndi golide. Pamenepo yureniyamu amatsakamira, monga mmene madzi osefukira amasiyira zinyalala pamene akumana ndi bango. Zaka mamiliyoni zikadutsa, waunjikana. N'chifukwa chake katswiri wa miyala akafika pachigwembe amayamba wayang'ana mtundu wa khoma, makina ali m'chikwama. Mwala wamchenga wofiira kapena wofiirira ndi umene madzi a okosijeni anadutsamo, kawirikawiri anaukokolola kale. Wotuwa kapena woderako ndi umene sanafikemo. Timasaka malire a iwiriyi, makamaka pamene mwala wamchengawo wapanikizidwa pakati pa miyala yadongo yosalola madzi kuthawa.

Kutchire ndi makina

Geiger counter ndi yotchipa koma imamva movutikira. Scintillometer imamva bwino, imakupatsani nambala ya cps, kugunda kwa cheza pa sekondi imodzi, koma sikuuzani chimene chikugundacho. Spectrometer ndiyo imasiyanitsa potaziyamu, thorium ndi yureniyamu, ndipo ndiyo yoyenera kubwereka ngati ndalama yogulira palibe.

Nambala payokha ilibe tanthauzo. M'mawa uliwonse timayeza pamalo amodzi omwewo pafupi ndi kampu, madzulo timayezanso, kuti tidziwe ngati makina asokonekera masana. Timayezanso mtundu uliwonse wa mwala pamene palibe chachilendo, kuti tidziwe kulira kwake kwa masiku onse. Mwala ukalira kawiri kapena katatu kuposa anzake a mtundu womwewo, pamenepo timaima. Poyenda timatsata mizere yowongoka yodutsa mopingasa miyalayo, mwina yotalikirana mamita 100, n'kumayeza pa mamita 20 kapena 25 aliwonse, makina ali pamtunda wofanana nthawi zonse. Malo aliwonse amalowa mu GPS ndi m'kope, pamodzi ndi mtundu wa mwala ndi dothi. Pamene palira timabwererapo ndi mizere yothinana. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo chiyeso chake ndi kudumpha malo osalira n'kungolemba nambala yongoganiza. Musatero, mapu opanda malo ozizira sangakuonetseni pamene patentha.

Zoliza makina popanda phindu ndi zambiri. Granite amalira chifukwa cha potaziyamu ndi thorium. Mchenga wakuda wa m'mbali mwa nyanja, ngati wa ku Makanjira, uli ndi timiyala totchedwa monazite, ndipo kulira kwake ndi kwa thorium. Mvula ikangogwa manambala amakwera kwa maola angapo, chifukwa imatsitsa zotsalira za radon, mpweya wotulutsa cheza, kuchokera mumlengalenga. Kuno ku West Rand ndiye chisokonezo, fumbi la pamilu yachikasu ya m'migodi lili ponseponse, mphepo ya August imalimwaza mpaka m'makomo, ndipo misewu ina ya m'mafamu anathiramo miyala ya m'migodi. Mukaona mzere wolira wowongoka bwino pamapu, yambani mwafunsa ngati si msewu wakale.

Chinanso ndi pamene mwaima. Mnyamata wina wa ku Mangochi amene tinali naye m'gulu analowa m'kachigwembe kopapatiza, kozama mpaka m'mapewa, n'kukuwa: "Achimwene, bwerani, zalira kuno!" Nambala inalidi itakwera pafupifupi kawiri. Ndinati, "Tatulukamo, mphwanga, uike makinawo pamwala womwewo pamtunda apa." Anakwera, mawondo ali fumbi lokhalokha, anaika, nambala n'kubwerera mwakale. M'dzenje cheza chimakufikani kuchokera pansi ndi m'makoma onse, pamtunda chimachokera pansi pokha. Za m'dzenje muziyerekeza ndi za m'dzenje.

Koma chachikulu, chimene ogulitsa makina satchula, ndi ichi: makinawa samva yureniyamu mwiniwake. Yureniyamu amasweka pang'onopang'ono kwambiri, theka lake limatha pa zaka 4.5 biliyoni, ndipo posweka amabala zinthu zina motsatizana, radium, radon, mpaka bismuth-214. Cheza cha gamma chimene spectrometer imawerenga ndi cha bismuth ameneyu, n'chifukwa chake pamakina pamalembedwa eU, yureniyamu woyerekeza, m'malo mwa U. Tsono madzi akhoza kukokolola yureniyamu n'kusiya radium, mwala n'kumalira kwambiri muli mopanda kanthu. Zikhozanso kutembenuka: yureniyamu wongofika kumene, amene sanabale zotsalira zokwanira, amakhala wambiri koma makina ali duu. Onjezani kuti cheza cha gamma sichidutsa dothi loposa theka la mita. Chimene mukumva ndi khungu la nthaka basi.

Maso amathandiza pang'ono. Carnotite ndi wachikasu chowala, amamatirira m'ming'alu ngati ufa. Torbernite ndi wobiriwira. Autunite amawala mobiriwira usiku mukamuunika ndi tochi ya UV. Tochi yomweyo imawalitsanso zinkhanira, ndiye musathamangire kutola chilichonse chowala. Mwala weniweni wa phindu, uraninite, ndi wakuda, wolemera, wosakopa maso. Ku Utah, ku America, Charlie Steen anasiya anzake akuthamangira zachikasu zapamtunda, iye n'kubowola pamene miyala inkamuuza. Mu July 1952 anatulutsa mwala woderako umene sanaudziwe mpaka atauyandikiza pa Geiger counter ya munthu wina pamalo omwetsera mafuta, poti yake analibe. Umenewo ndiwo unadzakhala mgodi wa Mi Vida.

Pamene dothi lakwirira zonse timagwiritsa ntchito radon, poti iye ndi mpweya ndipo amakwera m'ming'alu. Timakwirira tizikho tozondotsa tokhala ndi kapulasitiki kapadera mkati, n'kutisiya milungu itatu kapena inayi, kenako labotale imawerenga timabala timene radon wasiya pakapulasitikiko. Theka la radon limatha pa masiku 3.8, kotero sachokera patali kwambiri. Tizikhoti tiziikeni chizindikiro chosaoneka patali, chifukwa ana oweta ziweto ndi anyani amatizula mofanana.

Thumba, labotale, bowo

Yankho lenileni limachokera ku labotale. Apa ndi pamene anthu amadzinamiza okha: amasankha kamwala kolira kwambiri, n'kukatumiza, zotsatira zikabwera zokwera n'kuyamba kuwerengera mamiliyoni. Mgodi sukumba kamwala kamodzi. Timasema kangalande kowongoka kodutsa mtsempha wonse, mita ndi mita, zabwino ndi zoipa zomwe zilowe m'thumba. Nambala imalembedwa panja pa thumba, ina pakapepala mkati, ina m'kope. Pakati pa matumbawo timabisamo ena oyesera labotaleyo: la mwala wopanda kanthu, la ufa umene mlingo wake ukudziwika kale, ndi lobwereza la malo amodzi. Lopanda kanthu likabwera ndi yureniyamu, ndiye kuti chigayo chawo sanatsuke, zotsatira zonse za ulendo umenewo n'zokayikitsa. Tumizani ku labotale yovomerezeka, ndipo muwauziretu kuti matumbawo ali ndi cheza.

Poyerekeza manambala, 1,000 ppm ndi 0.1 peresenti, kilogalamu imodzi pa tani. Rössing yakhala ikukumba mwala wa pafupifupi 300 ppm chifukwa ulipo wochuluka zedi ndipo uli pamtunda. Ku Cigar Lake ku Canada mwala umaposa 10 peresenti. Nambala yokwera pa kamtsempha kochepa ngati chikhatho siipindula kanthu. Pamafunika mlingo, kunenepa kwa mtsempha, kutalika kwake ndi kuzama kwake, zonse pamodzi.

Kubowola ndi kumene kumadya ndalama, amalipiritsa pa mita, choncho kumabwera zina zonse zikaloza malo amodzi. Chobowolera cha RC, chimene chimaphwanya mwala, ndi chachangu ndi chotchipirako, chimatulutsa zidutswa ndi fumbi. Diamond drill imatulutsa core, mwala wathunthu wobulungira wautali, umene timauyala m'mabokosi motsatana, n'kuucheka pakati, theka kupita ku labotale, theka kusungidwa. Bowo lililonse timatsitsamo chida choyeza gamma kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako timayerekeza ndi za ku labotale kuti tione ngati eU ndi U zikugwirizana pamalopo. Mukamaliza, bowo litsekedwe bwino. Ku Karoo, dera louma kumene kuli Beaufort West, anthu ndi nkhosa amamwa madzi a m'mijigo, ndipo bowo losiyidwa likhoza kusakaniza madzi oipa ndi abwino. Alimi a kumeneko akamakana makampani, ine sindiwaona ngati ovuta.

Mabowo akachuluka, katswiri wovomerezeka ndiye amawerengera chuma chimene chilipo motsatira malamulo a kalembedwe ka malipoti otchedwa SAMREC kuno, kapena JORC kwa makampani a ku Australia. Mukamawerenga lipoti la kampani yofuna ndalama zanu, yang'anani mawu atatu: inferred, indicated ndi measured. Mawuwa amasonyeza mmene chiwerengerocho chingadaliridwire: loyambalo ndi la mabowo otalikirana, chikhulupiriro chake n'chochepa. Lipoti lopanda lililonse la mawu amenewa, longodzaza zithunzi za miyala yachikasu ndi manambala a cps, silinafike poti munthu aikepo ndalama.

Ngakhale mwapeza, mtengo ndiwo umalamula. Paundi ya U3O8, ufa wa yureniyamu woyengedwa, inaposa madola 130 mu 2007, inatsika mpaka pansi pa madola 20 mu 2016, n'kudzadutsanso 100 mu January 2024. Kayelekera anayamba kutulutsa mu 2009, ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima, ku Japan, inachitika mu 2011, ndipo mu 2014 mgodi unaima, yureniyamu akadali pansi. Lotus Resources inaugula mu 2020, ntchito n'kudzayambanso mu 2025. Kuchokera pamene anamutulukira kufika pa mgolo woyamba wa yureniyamu woyengedwa panadutsa zaka zoposa 25.

Thupi lanu

Mwala wa yureniyamu wa mlingo wamba sukuotchani mukaugwira. Choopsa ndi chimene chimalowa mkati, fumbi ndi radon. Radon amayambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo amaunjikana m'malo otsekedwa. Ambiri a ife kuno timagona anthu angapo m'chipinda chimodzi, mu June mawindo ali otseka chifukwa cha chisanu. Thumba la miyala yolira lisalowe m'chipinda chotero, ngakhale kunsi kwa bedi usiku umodzi. Malo ake ndi shedi yopita mphepo. Pobowola ndi pocheka core valani chophimba pamphuno chenicheni chokhala ndi sefa, sambani m'manja musanadye kapena kusuta, ndipo ovolosi ya kuntchito isachapidwe pamodzi ndi zovala za ana. Kampani yolongosoka imakupatsani dosimeter, kabaji kovala pachifuwa kowerenga cheza chimene mwalandira. Cheza chimenechi amachiyeza mu mSv, ndipo malire a wantchito ndi 20 mSv pa chaka, a munthu wamba ndi 1 mSv. Akapanda kukupatsani, funsani, ndipo zotsatira zake muzizionanso. Agogo athu ambiri anabwerera kumudzi ndi chifuwa cha fumbi la m'migodi yomweyi popanda wowauza kanthu.

M'migodi yakale yosiyidwa musalowe. Muli radon wambiri, mpweya woipa, miyala yogwa, ndi magulu a zama zama, anthu okumba mozemba, okhala ndi mfuti. Zimene zinachitika ku Stilfontein, kumene mitembo yoposa 70 inatulutsidwa mu January 2025, aliyense anaziona.

Nanga mwala wachikasu wa kwa amalume uja? Musauike m'katundu wa pabasi kuti ubwere kuno mudzauyezetse. Kuchokera ku Mwanza kudzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge mukudutsa m'malamulo a mayiko anayi, ndipo ukapezeka kuti ndi yureniyamu weniweni, mlandu wake ndi waukulu kuposa wa katundu wozembetsa. Palibenso amene angaugule mwalamulo. Yureniyamu amagulitsidwa atayengedwa, m'migolo yosindikizidwa, pakati pa makampani a ziphaso, ndipo aliyense wokuuzani kuti ali ndi wogula botolo limodzi ndi tambwali kapena wapolisi. Uzani wachibale aujambule mwalawo uli pamalo pake, aike ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwake kuoneke, ajambulenso khoma lonse la miyala yozungulira, n'kusunga malowo pa GPS ya pafoni. Zithunzizo ndi manambala a malowo apite nazo ku Zomba, akafunse kuti pamapu pali mwala wanji pamenepo, ndege ya Kauniuni inawerengapo chiyani, ndiponso ngati malowo sali kale m'laisensi ya kampani ina.